Masamba Pamsewu wa ku Karen

Mkulu amene ndinawagwirira ntchito ku Nairobi ankafuna chinthu chimodzi chokha: akadzamwalira, akaikidwe kwawo ku Poland, pansi pa tchalitchi cha m'mudzi umene makolo awo anali eni ake. Dzina lawo linali a Kazimiro. Kumudziko anachokako ali mwana wa sukulu, ndipo sanabwerereko.

Ine ndinapita ku Kenya nyuzipepala yathu itagwa. Inali imodzi mwa zija zinamera ngati bowa nthawi ya matipate, n'kufotanso ngati bowa yemweyo. Tsiku lina tinapeza loko pachitseko ku Limbe, mkonzi osaoneka. Ndinakwera basi ya ku Karonga, n'kuwoloka pa Songwe, kudzera ku Mbeya ndi ku Arusha mpaka kulowa m'Kenya pa Namanga. Ndinali ndi chikwama chimodzi.

Miyezi yoyamba ndinkagona ku South B, m'kachipinda kakuseri kaja eni nyumba amamangira antchito. Ndinkakhala ndi ophunzira a ku Malawi, ndipo kukacha matiresi tinkawaimika kukhoma kuti tipeze poponda. Chiswahili changa choyamba chinali cha pamsika: bei gani, punguza, sina, ndiye kuti zingati, tsitsani, ndilibe. Ntchito ya utolankhani sinapezeke, chifukwa ankafuna mapepala amene ndinalibe. Amene anandipulumutsa ndi mayi Nangondo, mayi wachikulire wa ku Dedza amene ankagwira ntchito ku ofesi ya mpingo. Amalawi onse a mu Nairobi ankawatenga ngati azakhali awo.

"Mumatha kutayipa?" anandifunsa titatuluka m'tchalitchi.

"Ndi zala zonse, mayi."

"Nanga kupirira munthu wolankhula osapuma?"

"Ndinagwirapo ntchito ndi andale."

"Basi mwalembedwa. Kuli mzungu wina ku Karen, maso anamuthera."

Ndinasamukira ku Lang'ata, m'chipinda changa ndekha. M'mawa ndinkakwera matatu, maminibasi a kumeneko, kenako n'kuyenda pansi mtunda wautali pakati pa mipanda ya mitengo yodulidwa bwino. Ku Karen nyumba sizioneka. Umangomva agalu. Munthu woyenda pansi amadziwika kale kuti ndi wantchito, ndipo palibe amene amamupatsa moni.

A Kazimiro anali wamtali, wowonda, ndipo ankavala jekete ndi tayi tsiku lililonse ngakhale kuti sankapita kulikonse. Kale ankakonza makina a m'minda ya khofi. Akazi awo anali atamwalira. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Helena, ankakhala ku Canada. Panyumbapo panali Mama Wairimu wophika, ndi askari, ndiye kuti mlonda wa pageti. Ine a Kazimiro ankanditchula kuti Bwana Mkonzi. Iwo ankakhala pawindo, ine pataipi, n'kumandiuza m'Chingerezi mbiri ya mudzi wawo. Mayina a kwawoko ankachita kunditchulira chilembo chimodzichimodzi.

Mbiriyo inali ya eni mudzi, wina pambuyo pa mnzake. Woyamba anali msilikali wa pakavalo amene mfumu ya dzikolo inamupatsa nkhalango, iye n'kuidula. Mudziwo unalowa m'banja la a Kazimiro kudzera mwa mkazi, amene anabwera nawo ku ukwati ngati mmene wina amabwerera ndi mbale ndi mapoto. Wina mwa eniwo anataya theka la minda pa njuga ya makadi. Wina anamanga tchalitchi cha matabwa, chinapsa, mwana wake n'kumanga cha njerwa chokhala ndi chipinda cha pansi choikamo akufa a banjalo. Wina anaukira mfumu ya ku Russia, anamutengera ku Siberia, ndipo mkazi wake anagulitsa ndolo ndi mikanda yake kuti nyumba isalandidwe. Panali dziwe la nsomba, fakitale yotchezera kachasu wa mbatata ya kachewere, ndi msewu wa mitengo mbali zonse wolunjika pakhomo la bwana. Mudzi ukamagulitsidwa, ankawerengera minda, ng'ombe ndi anthu omwe.

Tsiku lina ndinafunsa funso la mtolankhani. "Nanga ankalima ndani?"

"Anthu a m'mudzimo," anatero. "Masiku angapo pa sabata ankalima munda wa bwana osalipidwa, posinthana ndi malo okhala."

Zala zanga zinaima. "Kwathu ku Thyolo timati thangata. Agogo anga anaigwira."

Anatembenuzira nkhope kuwindo kumene sankaonako kanthu. "Kwathu zinatha bambo anga asanabadwe," anatero kenako. "Koma njerwa za tchalitchi zija anaumba ndi iwowo. Lembani mmene ndaneneramo."

Ndinalemba. Mama Wairimu anabweretsa tiyi, tinamwa, ndipo nkhaniyo sitinaibwerezenso.

Mwini mudzi womaliza anali bambo awo. Nkhondo yaikulu yachiwiri itayamba, asilikali a ku Russia anawatenga, ndipo manda awo sadziwika. A Kazimiro ndi mayi awo anawakweza sitima yonyamula ziweto kupita ku dziko la chisanu. Atamasulidwa anadzera ku Persia, n'kuwoloka nyanja mpaka kufika ku msasa wa othawa nkhondo pafupi ndi Arusha. Nkhondo itatha, boma latsopano la ku Poland linagawa minda ija, ndipo nyumba ya bwana inasanduka ofesi ya munda wa boma, kenako mosungira feteleza.

Zaka zinapita choncho. Mudzi umenewo ndinaudziwa kuposa wathu. Ndikanatha kukuuzani mbali imene kuli chigayo ukachokera kutchalitchi, koma sindinkadziwa kuti ana a achemwali anga a Esinati alipo angati tsopano. Kumudzi ndinkatumiza ndalama ya malata ndi ya sukulu kudzera mwa aliyense wopita. Ineyo sindinkapita, chifukwa mapepala anga anali osalongosoka, ndipo ndikanatuluka pa Namanga sakanandilolanso kulowa. Lamlungu ndikachoka kutchalitchi ndinkachapa, n'kukhala pakhomo kumaonera tindege ting'onoting'ono tikutera pa bwalo la ndege la Wilson. Sabata yathunthu inkatha osalankhula Chichewa ndi munthu.

Uthenga wa imfa ya amayi anga unandipeza atawaika kale. Ndinapitabe ku ntchito, poti kunalibenso kwina kopita. A Kazimiro anamva kuti taipi ikulira mosiyana ndi masiku onse, ndipo anandifunsa. Nditawauza, anaimirira, n'kumanga mabatani a jekete ngati kuti mwalowa munthu wamkulu.

"Amayi anga ali pafupi ndi Arusha, pansi pa mtengo," anatero. "Munawadutsa pa basi pobwera." Anakhalanso pansi. "Bwana Mkonzi, kwanu munthu akafera kutali mumatani naye?"

"Timakamutenga. Timasonkherana, n'kukamuika kwawo."

"Ngakhale amene anakhala moyo wake wonse osalemba kalata?"

"Ameneyo timati mtchona. Timamukalipira ali m'bokosi, koma timamutenga."

Anaseka mpaka kutsokomola. Boma la chikomyunizimu la ku Poland linali litagwa kale, njira ili yotseguka, ndiye ndinawafunsa chimene sankapitira kukaona okha akadali ndi mphamvu.

"Ndikapita wamoyo akandifunsa kuti ndine yani," anatero. "Wakufa safunsidwa."

Helena ankaimba foni kamodzi pa mwezi, ndipo nkhani imeneyi inkathera m'mkangano. Mawu ake ankamveka mpaka pataipi. Ankati kumeneko kulibe amene akuwadziwa, ndi kutali, ndipo chapafupi n'kuwotcha mtembo n'kumwaza phulusa m'munda wa maluwa momwe amayi ake ankakonda kukhala. A Kazimiro akaika foni ankati, "Tinalekezera pati?"

Anamwalira m'nyengo yozizira, m'mawa wina kuli nkhungu, atakhala pampando wawo womwe uja. Galimoto ya kampani yosunga mitembo inabwera n'kuwatenga. Helena anati afika Loweruka. Kenako panyumbapo panangoti zii. Mama Wairimu ankatsuka makapu otsuka kale. Woyandikana nawo wina anatumiza maluwa kudzera mwa dalaivala wake. Lachisanu linafika popanda munthu ndi mmodzi yemwe wolowa pageti kudzakhala pansi. Ndinawaimbira foni mayi Nangondo.

"Pali anthu angati pamaliropo?" anafunsa.

"Ine ndi wophika."

"Mwati bwanji? Munthu wafa ngati nkhuku? Dulani masamba, mawa tikubwera."

Loweruka m'mawa ndinadula nthambi za mpanda n'kuziyala pa tala, kumtunda ndi kumunsi kwa geti, monga timachitira kwathu kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Askari anandiyang'ana. "Hii ni nini?" Ankafunsa kuti zimenezi n'chiyani. Ndinamufotokozera kuti kwathu wanjinga akaona masamba amatsika, wovala chipewa amavula, wagalimoto amayenda pang'onopang'ono. Ku Karen magalimoto ankachepetsadi liwiro, koma eni ake ankasuzumira uku ndi uku kufunafuna lole yowonongeka. Mayi wina woyendetsa agalu anafunsa ngati tili ndi chilolezo chotaya zinyalala pamsewu.

Anthu anabwera pa matatu, n'kumaliza mtunda uja wapansi: amayi atavala zitenje, ophunzira a ku South B, Asilamu ndi Akhristu omwe, ndi a Namakhwa, dalaivala wa bungwe lina, wa ku Mulanje, amene anabwera ndi mipando ndi nkhuni pa pikapu. Amayi anakankhira mipando ya sofa kukhoma n'kukhala pansi pabalaza. Abambo tinakhala panja pansi pa mtengo. Nyimbo zinayamba. Palibe mwa iwo amene anawaonapo a Kazimiro kupatula mayi Nangondo. Mama Wairimu, amene sanalire chimwalirire cha abwana ake, analowa pakati pa amayiwo n'kuyamba kulira.

Helena anafika masana pa takisi kuchokera ku bwalo la ndege. Anali mayi wa imvi zoyamba, atavala buluku. Anaima pakhonde chikwama chili m'manja.

"Anthu awa ndi ndani?" anandifunsa. "Akufuna chiyani?"

"Safuna kanthu. Abwera kudzakhala nanu."

"Sindinawaitane."

Mayi Nangondo anatuluka, anamulanda chikwama, anamumanga chitenje pamwamba pa buluku, n'kumugwira dzanja. "Muuzeni kuti ofedwa saimirira," anatero kwa ine. Helena anakhala pamphasa pafupi ndi khomo, msana uli njo, ngati munthu wodikira dokotala.

Dzuwa litapendeka, a Namakhwa anaimirira pakhonde pomwe a m'nyumba ndi a panja onse akanamva. "Zikomo amayi, zikomo abambo. Tsopano timve mbiri ya malemu. Wakubanja ndani?"

Ndinamasulira. Helena anapukusa mutu. Anati nkhani zimenezo ankazimva ali mwana pa tebulo, ndipo ankathawa zikangoyamba. Maso onse anabwera kwa ine.

Ndinainena m'Chichewa, popanda pepala. Ndinayambira pa msilikali wodula nkhalango uja. Nditafika pa mkazi wobwera ndi mudzi ku ukwati, amayi ena anati, "Ngati kwathu komwe, malo ndi a mkazi." Pa wanjuga uja abambo anati, "Aaa, alipo paliponse amenewa." Pa mkazi wogulitsa ndolo, mawu anachokera m'nyumba: "Amayi ndi amenewo!" Za olima minda ndikanatha kuzidumpha, koma amene anandiphunzitsa ntchito ankati nkhani yosiya mbali imodzi ndi bodza. Ndinanena mawu ake enieni: thangata.

"Taimani kaye, achimwene," anatero a Namakhwa. "Mukuti tasiya ntchito zathu kudzalira mwini esiteti? Agogo anga anawagwetsera nyumba, mvula ikugwa, chifukwa chojomba ku thangata. Ndiye ine ndabwera ndi nkhuni zanga?"

Helena ankayang'ana nkhope zathu, osadziwa chimene chavuta.

"A Namakhwa," anatero mayi Nangondo osadzuka pomwe anakhala, "mlanduwo mukawasumire akafika kwawo. Pano tili pamaliro. Munthuyu anachoka atavala kabudula. Mwini esiteti wanji wopanda ngakhale mzere umodzi wa chimanga? Ndi mtchona ngati inu nomwe."

"Ine si mtchona, mayi. Ndinapita chaka chatha."

"Chaka chatha chake chiti?"

Anthu anaseka chamumtima monga amasekera pamaliro. A Namakhwa anakanda m'mutu. "Pitirizani, a Mtolankhani. Koma mawu anga alembedwe."

Ndinamaliza ndi sitima ya ziweto, msasa wa ku Arusha, ndi chimene malemu ankafuna. Pa zonsezo Helena ankangomva mayina okha. Ndinaona milomo yake ikugwedera ndikatchula lililonse, akulikonza mwakachetechete pomwe lilime langa lalipotoza.

Kenako a Namakhwa anafunsa funso limene limafunsidwa pa maliro alionse. "Ndiye thupi linyamuka liti, ndipo operekeza ndani?"

Helena anayankha mwaulemu. Thupi liwotchedwa Lolemba. Phulusa limwazidwa m'munda wa maluwa. Nyumbayo igulitsidwa.

"Munda womwe ukugulitsidwawo?" anafunsa mayi Nangondo. "Ndiye wogulayo agula ndi bambo ake omwe?"

Ndinazengereza. "Masulirani," anatero. Ndinamasulira monga ananenera, osachotsa kanthu. Helena anadzuka, chitenje chikumukola m'miyendo, n'kulowa m'chipinda cha bambo ake, n'kutseka. Amayi anayambitsa nyimbo ina. Anthu anabalalika dzuwa lisanalowe, chifukwa matatu a kumeneko sachedwa kutha. Masamba aja ndinakawachotsa ndekha.

Lolemba thupi linawotchedwadi. Koma phulusa silinamwazidwe. Helena analiika m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi zonse zimene ndinatayipa. Pokwera takisi anandiuza kuti, "Sindikulonjeza chilichonse."

Ntchito inathera pomwepo. Ndinakhalabe ku Lang'ata kwa kanthawi, ndikukonza zolakwika m'timabuku ta mpingo, mpaka ndinaona kuti palibe chimene ndikudikira. Ndinatuluka pa Namanga.

Kumudzi ndinapeza nyumba ya malata aja ikukhalamo mkamwini wa achemwali anga. Munda umene unali wanga adzukulu anabzalamo nthochi. Amalume anandiperekeza kumanda kukandionetsa pomwe pagona amayi, ndipo anachita kufunsa wina, poti mitumbira yawonjezeka. Anandiphera nkhuku, anandipatsa mpando wa alendo. Ana amanditchula kuti a ku Kenya, ndipo amaseka ndikaiwala n'kunena kuti pole m'malo mwa pepani. Sabata isanathe a Esinati anandifunsa, mokoma mtima ndithu, kuti, "Nanga mubwerera liti, achimwene?" Panopa ndimachita lendi kachipinda pa sitolo, ndipo ndimatayipira anthu makalata ofunsira ntchito.

Mwezi watha foni yanga inalira, nambala yachilendo. Anali Helena. Nambalayo anaipeza kwa Mama Wairimu. Anati phulusa lija lakhala zaka zonsezi pamwamba pa kabati, ndipo chaka chatha anapita kukauona mudziwo. Nyumba ya bwana ilipo, yopanda denga. Mitengo ya mumsewu ija yatsala mbali imodzi. Tchalitchi chilipo, koma chipinda cha pansi anachitseka ndi njerwa kalekale, ndipo wansembe wati sichingatsegulidwe. Malo alipo kumanda a anthu onse a m'mudzimo, kumapeto, pafupi ndi mpanda. Gogo wina wamkazi anakumbukira kuti kunyumba ya bwana kunali kamnyamata kokwera kavalo wamng'ono, kamene kanamuwaza matope tsiku lina popita ku Misa. Gogoyo anati akadali nako chakukhosi, koma kumaliroko abwera.

"Tidikira kuti chisanu chithe, nthaka ifewe," anatero Helena. "Tidzakhala ine, wansembe, gogoyo ndi wokumba. Ndimafuna ndikupempheni. Anthu anu aja angaimbe? Ndidzaika foni pafupi."

Ndinavomera ndisanaganize. Anthu anga aja anali a ku Nairobi, ndipo anamwazikana. Mayi Nangondo anapuma ntchito, nambala yawo sikugwira. Ndinapita kwa a Esinati, amene amatsogolera amayi oimba kutchalitchi kwathu.

"Nyimbo za maliro popanda maliro?" anatero, atasiya kupeta. "Achimwene, mukufuna kulaulira ndani pamudzi pano?"

"Maliro alipo. Ali kutali chabe."

"A ndani?"

"A abwana anga."

"Mzungu? Wofa kalekale, wowotchedwa? Zimenezo ndi za ku Kenya. Kuno ana akudwala malungo, ndiye anthu amve tikuimba zotsitsira bokosi. Mukufuna atitchule chiyani?"

Mkulu wa mpingo anandiyankha chimodzimodzi, mwaulemu wochulukirapo. Sindikuwaimba mlandu. Ndikanakhala kuti sindinachoke, nanenso ndikanakana.

Mwambowo uchitika Loweruka likubwerali, masana. Nyengo ino wotchi ya ku Poland ndi ya kuno zimafanana, ndiye palibe zowerengera maola. Pa sitolo netiweki imadukaduka, koma imagwira bwino pamwamba pa phiri, kupitirira minda ya tiyi, kumene kulibe nyumba ya munthu woti n'kumulaulira. Batire ndikatchajitsa Lachisanu kwa wometa. Helena wati adzandiimbira foni akamatsitsa kabokosiko. Mawu anga si a kwaya, ndipo nyimbo ya anthu ambiri imachepa ikakhala m'kamwa mwa mmodzi. Ndidzaimba mavesi onse.